Gawo la Chisanu ku Buguruni

Lolemba, 14 Julayi

6:10 m'mawa. Foni ikuti kunja kuli madigiri 21.

Nkhani yaikulu! Abiti Juma, mtsogoleri wa gulu lathu la amayi a ku Malawi okonda kanema kuno ku Dar, atumiza uthenga pa foni. Ndaukopera momwe ulili:

"Amayi, kanema wathu uja watha moipa. Aliyense alembe yekha gawo la chisanu, aikepo ndi chithunzi chimodzi chojambula yekha pakhomo pake, osati chotola pa intaneti. Kutseka Lachisanu 6 koloko madzulo. Tivota, ndipo nkhani yopambana tidzaiwerenga pamaso pa onse Loweruka kwathu ku Chang'ombe."

Gawo la chisanu! Ndawerenga kanayi.

Kanemayu ndi wa kunja, taonera miyezi isanu ndi iwiri. Mnyamata wokonza mawotchi akonda mtsikana wophika buledi. Mayina awo amapinda lilime, ine ndimangoti Wamawotchi ndi Wabuledi. Kumapeto kwa gawo lachinayi mnyamata akuwoloka msewu kuti akamufunsire, zoyera zija zikuyamba kugwa kuchokera kumwamba, lole ikutulukira pakona. Phuu! Basi, kanema watha. Miyezi isanu ndi iwiri!

Zoyerazo Aswahili amati theluji. Ife tilibe dzina lake, amuna anga bambo a Thoko amati chisanu cha azungu. Ndiye Abiti akufuna gawo lochitikira m'chisanumo, ndi chithunzi chake. Zomveka.

M'sutukesi ndili ndi makope 9 a mathero a makanema amene ndinawakonza ndekha. Palibe munthu anawerengapo ngakhale mzere umodzi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo pa gulu ndikangotsegula pakamwa, alamu anga a Esnart, achemwali a bambo a Thoko, amakhala atamaliza kale mawu anga n'kuyamba awo. Iwo ali ndi dipuloma. Koma Loweruka lino ndikufuna nkhani yanga imveke m'nyumba ya Abiti, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Dongosolo:
Lolemba, kusoka zidole ziwiri ndi kuyamba nkhani.
Lachiwiri, chithunzi.
Lachitatu ndi Lachinayi, kutayipa nkhani mu foni.
Lachisanu, kupuma.

Madzulo. Zidole zatha. Utelala wandithandiza: Wamawotchi wavala jekete la chidutswa cha thalauzi la kasitomala, Wabuledi wavala sikafu yofiira. Kumbuyo ndapachika bulangeti lotuwa, ndiko kumwamba. Lole ndapanga ya katoni ya sopo. Ndayeserako kuyala thonje la mu pilo. Zithunzi 18. Zonse zikuoneka ngati zidole zagwera m'khola la nkhosa. Palibe kanthu, lero linali loyesera.

Masamba olembedwa m'kope: 6. Wamawotchi sanafe ayi. Ali m'chipatala, sakudziwa kanthu, koma akupuma!

Lachiwiri, 15 Julayi

Madigiri 22. Anansi avala majuzi, akuti kwazizira. Anthu awa sanagonepo ku Dedza.

Thonje vuto lake siligwa. Mu kanema chisanu chimagwa pang'onopang'ono, n'kukhala pa tsitsi la munthu. Ndiye lero ufa wa tirigu ndi sefa! Dzanja lamanzere likugwedeza sefa, lamanja lagwira foni, chala chachikulu chikudina.

Zimene ndaphunzira:
Ufa sudikira chala. Ukamadina, wagwa kale.
Fani iyenera kuzimitsidwa usanayambe, osati pakati.
Diresi lakuda la kasitomala siliyenera kukhala m'chipinda chimodzi ndi chisanu.

Ola lathunthu ndikukutumula diresi panja. Mama Zuhura, mwini nyumba yomwe tikuchita lendi, andipeza ndili mbuu kuyambira kumutu. Afunsa m'Chiswahili ngati kwathu kwagwa maliro, poti anamva kuti mitundu ina imadzola zoyera. Ndawafotokozera za mpikisano. Angonena kuti, "Haya." Mawu amenewa kuno amatanthauza zambiri.

Zithunzi 64. Chimodzi chokha chikuonetsa ufa uli m'malere, koma Wabuledi wagwa chafufumimba.

Bambo a Thoko aimba ali ku Makambako, akupita ku Lilongwe ndi lole ya feteleza. Akuti kumeneko mano akugundana, nkhungu yatseka msewu. Kunena zoona ndachita nsanje. Chisanu chenicheni chikuwonongeka pa munthu amene sakuchifuna! Ndawatumizira chithunzi changa chabwinocho. Yankho lawo: "Mayi a Thoko, lole ya matayala anayi munaiona kuti?" Za chisanu osanenapo kanthu.

Ndawonjezera matayala asanu ndi limodzi a mabatani.

Maganizo anga pa makanema, ndilembe ndisanaiwale. Anthu a mu kanema samaliza tiyi. Amathira, kumwa kamodzi, foni kulira, n'kuthamanga. M'magawo anayi aja ndinawerenga makapu 37 osiyidwa. Amatsuka ndani? M'nkhani yanga Wabuledi amwa tiyi wake mpaka pansi, kenako n'kupita kuchipatala.

Masamba: 13. Kutayipa kuyamba mawa chithunzi chikatheka.

Lachitatu, 16 Julayi

NAZI!

Ndadzuka nalo ganizoli 5:40. Kokonati yopala, imene kuno timati nazi: yoyera, yofewa, yolemererako, fani siingaiulutse. Ndathamangira kumsika wa Buguruni, ndabwera ndi nazi zitatu. Mama Zuhura andibwereka kampando kawo kopalira, kamene amakatcha mbuzi ngakhale sikalira.

Ndapala zonse zitatu. Ndayala pa tebulo, ndawaza pa denga la kasitolo ka buledi kamene ndapanga ka katoni, pa mapewa a Wamawotchi, pa sikafu yofiira ija. Ambuye! Ndaima ndekha m'chipinda n'kuwomba m'manja. Ndendende mu kanema! Ndikanakhala ndi mtima wofooka ndikanavala juzi.

Vuto ndi kuwala. M'chipinda muli mdima, tochi ikusandutsa chisanu chachikasu. Dzuwa labwino limalowa pawindo 4:15 madzulo, ndinaliona dzulo. Ndatseka chitseko, ndapita kukasoka mayunifolomu pakhonde, ndikuimba.

4:10. Ndatsegula chitseko.

Nyerere.

Mzere umodzi kuchokera pawindo, wina kuchokera pansi pa bedi, wachitatu sindikudziwa. Msewu wanga wonse wakuda bii, uli yakaliyakali. Zina zanyamula chisanu pamutu, zikupita nacho kwawo. Wamawotchi zamuzungulira ngati anthu a pa ngozi.

Ndajambulabe, poti dzuwa linali litafika. Zithunzi 51. Kunena chilungamo, ukaonera patali zikuoneka ngati tauni ya anthu ambiri. Ukayandikira, anthuwo ali ndi miyendo isanu ndi umodzi.

Nazi yotsala ndaphikira nyemba. Zakoma.

Pa gulu a Esnart alemba kuti, "Ine yanga ndamaliza kalekale, chithunzi chomwe, mphindi ziwiri basi." Mphindi ziwiri! Chisanu achipeza kuti? Mwina ali ndi makina. Sindifunsa, angandibere nzeru ya nazi.

Maganizo ena. Bambo amene amamasulira kanemayu m'Chiswahili ali ndi mawu abwino, koma pakamwa pake sipasunga chinsinsi. Lole isanaoneke n'komwe iye anali atanena kale kuti, "Kijana, usivuke!" kutanthauza kuti mnyamata usawoloke. Ndiye ife tidzidzimuke ndi chiyani? Komanso majekete a anthu a mu kanema alibe matumba enieni. Ine monga telala ndimaona.

Masamba: 19. Otayipidwa: theka la tsamba. Ndisade nkhawa, mawa lonse lilipo.

Lachinayi, 17 Julayi

Madigiri 21, masana 29.

Nkhani yatha! Masamba 23! Pa tsamba 16 dokotala akupukusa mutu, aliyense akuganiza kuti basi zatha. Koma Wabuledi sakuchoka. Tsiku lililonse akubwera ndi mawotchi onse a m'sitolo ya mnyamatayo, n'kumawatchera pafupi ndi khutu lake. Wotchi imodzi ikuchedwa ndi mphindi zitatu. Pa tsamba 21 Wamawotchi akutsegula maso n'kunena kuti, "Wotchi iyo ikunama." Ndalira ndekha polemba. Mawu amenewa akadzamveka kwa Abiti, ndikufuna ndidzaone nkhope ya alamu anga.

Tsopano chithunzi, komaliza.

Mama Zuhura ali ndi firiji yaikulu yogona, amagulitsa madzi oundana. M'mbali mwake mwamera chisanu chenicheni, chokhuthala ngati chala! Andilola kuchipala ndi supuni, akuti ndiwathandizanso kuyeretsa.

Ulendo woyamba: mbale yodzaza, kuthamanga masitepe 26 mpaka kuchipinda kwanga, kuyala, kutenga foni. Madzi.
Wachiwiri: foni ili kale m'manja. Chisanu chakhala mphindi imodzi ndi theka. Zithunzi 9, zogwedera zonse chifukwa cha wefuwefu.
Wachitatu: ndazindikira kuti firijiyi imasunganso nsomba. Amphaka awiri a m'bwalo muno anazindikira ine ndisanazindikire. Mmodzi wathawa ndi Wabuledi. Ndamupeza kuseri kwa bafa, sikafu palibe.

Ndasoka sikafu ina. Kenako nzeru yabwera: ngati chisanu sichifuna kubwera kwa anthu, anthu apite kuchisanu! Zidole, kasitolo, lole, zonse ndalowetsa mu firiji. Ine ndaweramira momwemo mpaka m'chiuno, miyendo ili kunja. Mama Zuhura agwira chivundikiro, akuuza aliyense wodutsa kuti, "Mmalawi wangu anapiga picha," ndiye kuti Mmalawi wawo akujambula. Mphindi 20. Kwa nthawi yoyamba chibwerere ku Dar ndamva mphuno ikuzizira. Zokoma zake!

Ndipo chodabwitsa! Nditatulutsa foni, zithunzi zonse zikutuluka ndi nkhungu, ngati chiperoni cha ku Thyolo. Kagalasi ka kamera kachita mame m'kati. Ndajambula zidole, nkhungu. Ndajambula Mama Zuhura, nkhungu. Chithunzi nambala 212 ndicho chenicheni: Wabuledi waima m'chisanu, kadontho kofiira pakati pa zoyera, kumbuyo mthunzi wa lole. Mchira wa nsomba ukuonekera pakona, koma ungati ndi mtengo.

Ndapambana kale, ndikumva m'mafupa.

Otayipidwa: tsamba limodzi ndi theka. Zala zachita dzanzi.

Lachisanu, 18 Julayi

10:05. Mtima wanga wabwino wandipweteketsa. Ndinaganiza za anzanga amene alibe firiji, ndiye ndalemba pa gulu: "Amayi, amene chisanu chikukuvutani kupanga, yesani nazi, koma samalani nyerere."

Papita mphindi 12.

Kenako uthenga wa mawu wochokera kwa a Esnart. Masekondi 40 oyamba ndi kuseka kokhakokha. Kenako: "Alamu anga inu! Tawerengani nane. Gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Kenako lachingati? Mayo ine, nthiti zanga!"

Lachisanu.

Gawo lachisanu. Lotsatira lachinayi.

Ndakhala pansi pa simenti. Ine amene sindinaphonyepo deti, amene ndimadziwa masitepe a pakati pa firiji ndi chitseko changa, ndalephera kuwerenga mpaka faifi. Abiti alemba kuti, "Pepani mayi a Thoko, chala changa ndicho chinasiya mpata pakati pa la ndi chisanu. Chithunzi chilichonse chili bwino." Anthu ayamba kutumiza zawo. Kapu ya tiyi. Maluwa a pulasitiki. Wotchi ya pakhoma. A Esnart adzijambula okha atagwira tsaya.

10:40. Ndadzuka. Palibe chatayika! Nkhani yanga ndi gawo lachisanu ndithu, kungoti muli kozizira. Chotsala n'kutumiza.

Masamu: tsamba limodzi limanditengera mphindi 25 kutayipa. Otsala ndi 21 ndi theka. Pafupifupi maola 9. Ndili ndi maola 7 ndi mphindi 20.

Nzeru: kungojambula masamba a m'kope n'kutumiza! Ndajambula tsamba loyamba. Nkhungu. Lachiwiri, nkhungu. Ndapukuta, ndaika padzuwa, ndaika mu mpunga. Chiperoni chili m'kati, sichikuchoka. Foni ya Mama Zuhura ndi ya mabatani, ilibe kamera.

Ndiye kutayipa. Osaphika, osasamba. Foni ikusintha mawu anga a Chichewa kukhala a Chiswahili, ndikubweza, ikusinthanso. 1 koloko kasitomala wa mayunifolomu wabwera, wakhala mphindi 50 akundiuza za mpongozi wake. 3 koloko chala chachikulu chatupa, ndasinthira chamkombaphala.

5:57. Ndafika kumapeto kwa tsamba 16. Ndatumiza zomwe zilipo, pamodzi ndi chithunzi 212. Ndimati ndiwonjezere kuti nkhani ikupitirira, koma Abiti atseka gulu 6:00 yeniyeni kuti anthu awerenge mwabata. Ndimawalemekeza pa zosunga nthawi.

Ndangozindikira tsopano. Tsamba 16 likuthera pamene dokotala akupukusa mutu.

Loweruka, 19 Julayi

Mavoti atuluka 9 koloko. A Esnart 11. Mayi ena a ku Mbezi 6. Ine 1, ndipo sindinadzivotere, malamulo amaletsa. Ndikuganiza kuti ndi Abiti, chifukwa cha mpata uja.

Ndemanga pansi pa nkhani yanga:
"Mwamupheranji kawiri mwana wa eni?"
"Masamba onsewa kuti afenso?"
"Ndagona ndi mutu, Mulungu akukhululukireni."

Ndapitabe ku Chang'ombe, kope lili m'chikwama. Madaladala awiri, maminibasi a kuno, mphindi 55. Amayi 19 pa mikeka, nsapato mulu pakhomo. Nditangolowa wina wakuwa kuti, "Afika a Nachisanu!" Dzina lagwira pomwepo. Ndikuona kuti ndifa nalo.

A Esnart awerenga yawo ataimirira, masamba anayi. Wamawotchi anafadi, koma anabadwa mapasa, ndipo mnzakeyo ndi wolemera, ali ndi ndege. Wabuledi akwatiwa naye pa tsamba lachitatu. Anthu aimba nthungululu. Ine maganizo anga ndi akuti mapasa otulukira kumapeto ndi ulesi, koma ndawomba nawo m'manja. Amawerenga bwino alamu anga, zimenezo sindingawamane.

Chithunzi changa chokha ndicho chayenda m'manja mwa onse. Abiti akuti, "Koma ichi ndiye chithunzi, ngati cha mu kanema weniweni." Wina wafunsa ngati mtengo wa pakonawo ndi wa paini. Ndangoti ee.

Mtima unalimbako. Ndatulutsa kope, ndakweza dzanja, ndati, "Pali masamba ena asanu ndi awiri, mnyamatayo sikuti..." Nthawi yomweyo mpunga wa pilawu walowa pa thireyi. Aliyense wadzuka kukasamba m'manja.

Kope labwerera m'chikwama. Pilawu anali wabwino.

Lamulungu, 20 Julayi

Madigiri sindinayang'ane.

Nditabwera kutchalitchi ndachotsa bulangeti pakhoma, ndasesa, ndatsegula sutukesi kuti kope lachikhumi likagone ndi anzake. Foni yalira. Bambo a Thoko. Ali pa boda ya Songwe kuyambira Lachinayi, akudikira mapepala, kutsogolo kwawo kuli malole osawerengeka. Achemwali awo awauza kale zonse, ndi dzina langa latsopano lomwe.

Sanaseke kwambiri. Akuti, "Nanga mnyamatayo anafadi?" Ndati ayi. Akuti, "Ndiye tawerengani timve, mayi a Thoko. Kuno tilibe kopita."

Sanandiuze kuti akweza mawu a foni. Ndazindikira pa tsamba 4, wina atatsokomola. Anali madalaivala anayi pansi pa lole, onse a kwathu, akudikira tiyi. Ndinafuna kusiya. Mmodzi wa mawu okhuthala wati, "Pitirizani alamu, koma mukweze pang'ono."

Ndakweza. Masamba 23, mphindi 41, palibe wondidula. Pa "Wotchi iyo ikunama" wina waimba mluzu. Ndamaliza, ndatseka kope.

Kenako mlandu wayamba. Lole inali ndi katundu kapena yopanda? Matani angati? Mabuleki pa msewu woterera chotero sagwira, munthu wogundidwa pamenepo sadzuka, kaya mumutchere mawotchi a dziko lonse. Avota. Atatu akuti anafa. Mmodzi akuti ali moyo, ndipo mmodziyo ndi amene ayenera kubwerera m'nyumba muno.

Chabwino. Si nyumba ya Abiti, panalibe nthungululu, ndipo ndagonjanso. Koma yamveka yonse.

Ndimati nditsanzike, wa mawu okhuthala uja wabweranso pa foni. "Alamu, nkhani ndi yabwino. Koma dalaivala wa loleyo zinamuthera bwanji? Anamutsekera? Laisensi anamulanda? Ana ake akudya chiyani?"

Ndatsegula kope, ndayang'ana tsamba ndi tsamba. Mulibe. Masamba 23, mawotchi 14, madokotala awiri, ndipo munthuyo sindinamutsitse n'komwe mu lole.

Ine, mkazi wa dalaivala kwa zaka 24.